Fayilo ikakana kutseguka: mbiri ya tizilembo ta kumchira

Kuno ku Salima tilipo, kutentha kwa kunyanja ndiye mukukudziwa kale.

Lero sindikamba za a Kalonga kapena za John Chilembwe ayi, komabe nkhani yake ndi ya mbiri ndithu. Pali funso limene limandipeza kawirikawiri, pena m'sitafu, pena pa foni usiku: "Aphunzitsi, ndili ndi fayilo ikukana kutseguka. Kumapeto kwa dzina lake kuli tizilembo tachilendo. Nditani?" Ena amandifunsa chifukwa kiyi wa chipinda cha makompyuta amakhala ndi ine. Ena amangoganiza kuti mphunzitsi wa History ayenera kudziwa chilichonse chimene chinakalamba. Achiwiriwa sakulakwitsa kwenikweni. Fayilo yokana kutseguka nthawi zambiri imakhala kuti ili bwinobwino. Inangobadwa mu ufumu wina, ufumuwo unagwa, ndipo kompyuta ya lero sikumvanso chiyankhulo chake. Ukadziwa kuti inabadwa liti ndipo anaibala ndani, ntchito yaikulu yatha.

Tizilembo timeneti Azungu amati extension. Ine ndizingoti mchira, chifukwa timakhala kumapeto kwa dzina, kuseri kwa kadontho: mayeso.doc, chithunzi.jpg, kwaya.mp3. Ntchito ya mchira ndi imodzi basi, kuuza kompyuta kuti fayilo iyi ipite kwa pulogalamu iti. Mukadina kawiri pa fayilo, Windows siyang'ana za m'kati. Imangowerenga mchira, n'kuyang'ana m'kaundula wake kuti mchira umenewu mwini wake ndani. Ikapeza kuti palibe amene analembetsa, ndi pamene imakufunsani kuti mukufuna kutsegula ndi chiyani, inu n'kuyamba kutuluka thukuta.

Bwanji zilembo zitatu? Mwambo woika mchira unalipo kale pa makompyuta akuluakulu a m'mayunivesite ku America, koma amene anaufikitsa pa makompyuta ang'onoang'ono ndi Gary Kildall, amene analemba CP/M mu 1974. Malo osungira zinthu pa diski anali ochepa kwambiri, ndiye lamulo linali lakuti dzina la fayilo lisapose zilembo 8 ndipo mchira usapose zilembo 3. IBM itatulutsa kompyuta yake ya PC mu 1981, pulogalamu yoiyendetsa, DOS ya Microsoft, inatengera lamulo lomwelo. Kwa zaka 14 anthu ambiri ogwiritsa ntchito PC anapanikizika m'zilembo 8 ndi 3 zimenezi, mpaka Windows 95 italola maina aatali. N'chifukwa chake mukapeza diski yakale maina ake amakhala ngati F4MOCK98 kapena STAFMIN2, ndipo n'chifukwa chake mpaka lero timalemba .jpg pamene dzina lenileni ndi JPEG. Chilembo chachinayicho chinadulidwa ndi lamulo la munthu amene ambiri sitinamumvepo.

Windows 95 yomweyo inabwera ndi chizolowezi china chimene ine ndimadana nacho: kubisa michira ya mafayilo amene kompyuta ikuwadziwa. Amati anthu wamba asamasokonezeke. Zotsatira zake zinaoneka mu Meyi 2000, pamene kachilombo kotchedwa ILOVEYOU kanachokera ku Manila, ku Philippines, n'kulowa m'makompyuta mamiliyoni m'masiku ochepa. Kankabwera pa imelo ngati kalata yachikondi, dzina lake lothera .TXT.vbs. Kompyuta inkabisa .vbs, munthu n'kuona .TXT yokha, n'kumati ndi kalata wamba. Chikomekome cha mkuyu. Choncho chinthu choyamba, musanafunse aliyense, uzani kompyuta yanu ionetse michira. Pa Windows 10 tsegulani File Explorer, pitani pa View, chongani pamene palembedwa File name extensions. Pa Windows 11 zili pa View, kenako Show. Amene mukadali ndi XP kapena Windows 7 m'malabu mwanu, zili mu Folder Options, pa View, muchotse kachongi ka Hide extensions for known file types.

Tsopano ndibwere ku mbali imene imandisangalatsa ine ngati mphunzitsi wa History. Ana anga a Fomu 1 mukukumbukira phunziro la mapale. Keith Robinson atakumba ku Nkope, m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, m'zaka za m'ma 1960, anapeza mapale a mbiya okhala ndi mizere yawoyawo, a anthu oyamba kusula chitsulo kuno zaka zoposa 1,500 zapitazo. Kufupi ndi kwathu kuno, ku Mankhamba pafupi ndi Mtakataka, a Yusuf Juwayeyi anakumba pa likulu la a Kalonga n'kupeza mapale a mtundu wina wotchedwa Mawudzu, pamodzi ndi mikanda yagalasi ndi zidutswa za mbale za ku China. Wofukula zakale akatola phale, asanatumize chilichonse ku labu, amayang'ana kachekedwe ka mizere ndi kapindidwe ka mlomo wa mbiyayo, n'kunena kuti ili ndi la nthawi yakutiyakuti. Mchira wa fayilo umagwira ntchito yomweyo. Kabati ya mu ofesi ya sukulu iliyonse yakale ili ngati dzenje la ofukula: zakale pansi, zatsopano pamwamba.

Pansi penipeni pali mapepala a taipi ndi masitensulo a Gestetner. Amene tinalemba JCE m'zaka za m'ma 1990 tikukumbukira fungo la inki ija, ndi mayeso oti funso lachisanu lafufutika chifukwa sitensulo inang'ambika. Zimenezo sizisowa pulogalamu. Ngati chiswe ndi mbewa zakhululuka, mumangotenga n'kuwerenga.

Pamwamba pake pali nthawi ya WordPerfect. Amene anaphunzira za ulembi kapena kugwira ntchito m'maofesi m'zaka za m'ma 1990 akukumbukira sikirini yabuluu ya WordPerfect 5.1, imene inatuluka mu 1989, ndi kapepala komata pamwamba pa kiyibodi kokumbutsa ntchito ya F1 mpaka F12. Anzake anali Lotus 1-2-3 yowerengetsera, ya mu 1983, imene mafayilo ake amathera .wk1 kapena .wks, ndi dBase yosungira maina, ya .dbf. Masiku amenewo munthu akalemba pa kalata yofunsira ntchito kuti amadziwa zitatuzi, ankayenda monyada. Mafayilo a WordPerfect amathera .wpd, koma apa pali msampha. Pa DOS, WordPerfect sinkakakamiza munthu kuika mchira wake. Mlembi ankadzipangira yekha: .let pa makalata, .min pa maminitsi, pena zilembo zoyamba za dzina lake kumene. Mchira woterowo mungaufufuze pa intaneti usiku wonse osaupeza, chifukwa unali m'mutu mwa munthu mmodzi amene mwina anapuma kalekale. Ndibwereranso kwa mafayilo amenewa. WordPerfect inagulitsidwa kwa Novell mu 1994, kenako kwa Corel ya ku Canada mu 1996, ndipo pofika nthawi imeneyo Word ya Microsoft inali italanda kale ufumu.

Kenako pali nthawi imene makompyuta anayamba kufika m'masukulu mwathu, ambiri ogwiritsidwapo kale ntchito, ochokera kwa anthu akufuna kwabwino kunja. Ena ankabwera ndi Microsoft Works m'malo mwa Office. Works inali yotchipa, ya pakhomo, ndipo makalata ake ankathera .wps. Aphunzitsi ambiri sankadziwa n'komwe kuti Works ndi Word ndi zinthu ziwiri, mpaka tsiku lopita ndi diski kukasindikiza mayeso ku Kamuzu Road n'kuuzidwa kuti sikutseguka. Works inasiyidwa cha m'ma 2009. Koma chenjerani: lero pa mafoni ambiri pali WPS Office, ya kampani ya Kingsoft ya ku China, imene nayonso ili ndi mtundu wake wa fayilo wothera .wps. Mchira umodzi, eni ake awiri osadziwana. Apa chimene chimathandiza ndi deti. Dinani fayilo ndi batani la kumanja, pitani pa Properties, onani tsiku limene inasinthidwa komaliza. Ngati ndi 2004, ndi ya Works. Ngati yachokera pa foni ya mnzanu sabata yatha, ndi ya WPS Office.

Ufumu wa .doc unakhalitsa, makamaka kuyambira Word 97 mpaka Word 2003, ndipo ambiri a ife masikimu athu oyamba a pa kompyuta ali mu .doc ndi .xls. Chisokonezo chimene aphunzitsi a msinkhu wanga sadzachiiwala chinabwera ndi Office 2007. Mwadzidzidzi makalata ochokera kwa anzathu a malaputopu atsopano anayamba kuthera .docx, .xlsx ndi .pptx, ndipo makompyuta a pa sukulu, okhala ndi Word 2003, ankangokana. Microsoft inatulutsa kapulogalamu kothandiza, Compatibility Pack, koma kukakopera pa intaneti ya masiku amenewo, yolipira pa mphindi ku kafe, kunali kutaya ndalama ya ndiwo. Njira yathu inali kubweza fayiloyo kwa mwini wake ndi uthenga woti asunge ngati Word 97-2003. Chilembo x chija chikuimira XML, ndipo chinsinsi chake ndi ichi: fayilo ya .docx ndi thumba chabe la mtundu wa zip, m'kati mwake muli timafayilo tambiri. Pangani kope, sinthani mchira wa kopeyo kukhala .zip, tsegulani. Mupeza foda yotchedwa word, m'menemo muli document.xml mmene muli mawu onse, ndi foda ya media mmene muli zithunzi zonse. Fayilo ya .docx ikawonongeka pang'ono Word n'kuikana, nthawi zambiri mawu ndi zithunzi mumatha kuzipulumutsa mwa njira imeneyi.

Ndati pangani kope. Limeneli ndi lamulo pa zonse zimene ndikunena pano. Wofukula zakale satsuka phale asanalijambule. Musayese chilichonse pa fayilo yokhayo imene muli nayo. Ndipo mvetsani kuti kusintha mchira sikusintha fayilo. Kulemba .mp3 pamene panali .wpd sikungachititse kalata kuyimba, monganso kumata pepala lolembedwa shuga pa botolo la mchere sikuzunitsa phala.

Nanga mchira ukakhala wabodza, kapena wodzipangira ngati wa alembi a WordPerfect aja, kapena palibiretu? Apa ndikumbukira nkhani ya makalata a m'mbali mwa nyanja ino m'zaka za m'ma 1800. Jumbe wa ku Nkhotakota ndi mafumu ena a Chiyawo monga Makanjira anali ndi alembi olemba m'zilembo za Chiarabu, koma chiyankhulo chake nthawi zambiri chinali Chiswahili. Munthu wongoyang'ana maonekedwe akanathamanga nayo kalatayo kwa wodziwa Chiarabu, osaphula kanthu. Wofunika anali woti awerenge mawu oyambirira n'kuzindikira chiyankhulo chenicheni. Mafayilo nawonso ali ndi mawu oyambirira. Pafupifupi mtundu uliwonse uli ndi chizindikiro chake kumayambiriro kwenikweni, ngati mphini zimene munthu sangazifufute ngakhale atasintha dzina.

Kuti muone mphinizo, tengani kope lija, dinani ndi batani la kumanja, sankhani Open with, kenako Notepad. Mudzaona zinyalala zambiri za zilembo, musaope, ndipo musasunge chilichonse potseka. Yang'anani zilembo zoyambirira zokha, pakona ya kumanzere pamwamba. Ikayamba ndi %PDF, ndi PDF, iikeni mchira wa .pdf itseguka. Ikayamba ndi PK, ndi thumba la zip, ndipo mwina ndi .docx, .xlsx kapena .odt imene yataya mchira. PK ameneyo ndi Phil Katz, amene anapanga PKZIP mu 1989; anamwalira mu 2000, koma zilembo za dzina lake zili kumayambiriro kwa sikimu iliyonse imene mwalemba chaka chino. Mukaona WPC pambuyo pa chilembo chimodzi chachilendo, mwapeza WordPerfect, kaya mlembi anaipatsa mchira wotani. Rar! ndi thumba la RAR. Mukaona JFIF kapena Exif pafupi ndi poyambira, ndi chithunzi cha JPEG. Mafayilo akale a Office amayamba ndi zilembo zooneka ngati ÐÏ. Ndipo ikayamba ndi MZ, imeneyo ndi pulogalamu, si kalata ayi. MZ ndi Mark Zbikowski, mmodzi wa amene ankalemba DOS ku Microsoft. Ngati wina wakutumizirani chinthu chimene akuti ndi zotsatira za mayeso kapena fomu ya ntchito, inu n'kupeza MZ, fufutani.

Mukadziwa mtundu wake, chotsegulira sichivuta, ndipo zambiri n'zaulere. LibreOffice, imene inayamba mu 2010 kuchokera ku OpenOffice, imatsegula WordPerfect, Works, Lotus 1-2-3 ndi dBase. Maonekedwe a tsamba amatha kusuntha pang'ono, matebulo n'kupindika, koma mawu amatuluka. Pa matumba a .rar, .7z ndi .zip pali 7-Zip. Pa chilichonse chomveka kapena choonera pali VLC, ija ya chizindikiro cha koni ya pamsewu, imene inayamba ngati ntchito ya ophunzira a pa École Centrale ku Paris. Mapulogalamu atatu amenewa ndimawasunga pa fulashi imodzi, ndipo ndikulangiza aliyense woyang'anira labu achite chimodzimodzi. Chimene sindikulangiza ndi masamba a pa intaneti olonjeza kutsegula fayilo iliyonse mukaitumiza kwa iwo. Pa chithunzi cha mbuzi zanu palibe vuto. Koma mamakisi a ana, maina a makolo ndi malipiro a aphunzitsi si zotumiza kwa munthu wosamudziwa.

Mchira umene umazunguza anthu ambiri kuno ndi .dat. Tanthauzo lake ndi data basi, kutanthauza chilichonse. Koma kwathu kuno .dat nthawi zambiri ndi chimodzi mwa ziwiri. Ikabwera pa imelo ndi dzina loti winmail.dat, ndi Outlook ya wotumizayo imene yakulunga zinthu mwanjira yake; mupempheni atumizenso fayiloyo payokha. Inayo ndi ya ma VCD. M'zaka za m'ma 2000 ukwati uliwonse wolongosoka, kwaya iliyonse, ngakhale mwambo wotsanzikana ndi a Fomu 4, zinkajambulidwa n'kuikidwa pa VCD. Mukaika chimbale chimenecho mu kompyuta mupeza foda yotchedwa MPEGAV, m'kati mwake AVSEQ01.DAT. Ameneyo ndiye kanema wanu. Kokerani fayiloyo mu VLC, muona agogo anu akuvina pa ukwati wa achemwali anu. Ndipo ikopereni pa kompyuta lero lomwe, chifukwa ma CD owotcha pa kompyuta sakhalitsa ngati ogula ku fakitale. Utoto umene umasunga uthengawo umafooka ndi kutentha ndi dzuwa, ndipo nyumba ya malata ku Salima mu Okutobala mukuidziwa.

Za madiski a floppy ndingonena mwachidule. Inkalowa 1.44 MB, moti chithunzi chimodzi cha foni yabwino ya lero sichingakwane. Sony inasiya kuwapanga mu 2011. Chowerengera chake cholumikiza pa USB chimapezekabe, koma chinyezi cha kunyanja kuno chimameretsa nkhungu pa kambale ka m'kati. Ena amawerengeka, ena anapita.

Michira yatsopano nayo ikubadwa. Zithunzi za pa iPhone kuyambira 2017 zimathera .heic, ndipo kompyuta yakale ya pa sukulu imazikana. Njira yachidule ndi kupempha mwini wake azitumize pa WhatsApp ngati chithunzi, osati ngati document, zimafika zili.jpg. Chithunzi cha .webp, mtundu wa Google wa mu 2010, chitsegulireni mu Chrome kapena Firefox. Mauthenga a mawu a pa WhatsApp ndi .opus, VLC imawaliza. Koma .apk ndi pulogalamu ya Android. Ikabwera m'gulu la pa WhatsApp ndi dzina lokopa, kumbukirani kuti foni yomweyo ndi imene mumasungiramo ndalama. Chimodzimodzinso fulashi imene mwabwera nayo kosindikiza mapepala n'kupeza mafoda onse ali ndi kamuvi pakona. Amenewo ndi ma shortcut a .lnk oikidwa ndi kachilombo, ndipo Windows siionetsa mchira umenewu ngakhale mutaiuza ionetse yonse. Musawadine. Mafoda anu enieni angobisidwa. Mukatsuka fulashiyo ndi antivirus, tsegulani Command Prompt, lembani chilembo cha fulashiyo, mwachitsanzo E: n'kudina Enter, kenako attrib -h -r -s /s /d n'kudinanso Enter. Abwerera.

Pali vuto lina la ife olemba Chichewa ndi Chitumbuka. Pena fayilo imatseguka bwinobwino koma pamene panali Malaŵi pakutuluka MalaÅµi, kapena kabokosi, kapena chizindikiro cha funso. Chilembo ŵ sichinali m'gulu la zilembo zimene Windows yakale inkagwiritsa ntchito pa ziyankhulo za kumadzulo kwa Ulaya. Njira ya UTF-8, imene Ken Thompson ndi Rob Pike anaikonza mu 1992, imalemba ŵ ndi manambala awiri, ndipo pulogalamu ikawawerenga mwachikale imawasandutsa Å ndi µ. Fayiloyo ilibe vuto. Itsegulireninso, ndipo Word kapena LibreOffice ikafunsa za encoding sankhani UTF-8.

Mwina wina akuti, zonsezi n'zovutikiranji, mayeso a 1998 ndani akuwafuna? Ndiyankha ndi nkhani ya ku England. Mu 1086, molamulidwa ndi mfumu William, kunachitika kalembera wa minda ndi ziweto m'dziko lake, ndipo buku lake, Domesday Book, lolembedwa pa zikopa, lilipo mpaka lero ku National Archives ku Kew ndipo limawerengeka. Mu 1986, pokumbukira zaka 900, BBC inapanga kalembera watsopano. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi, ambiri a iwo ana a sukulu, analemba ndi kujambula za m'madera mwawo. Zonse zinaikidwa pa zimbale ziwiri za LaserDisc zowerengedwa ndi makina apadera. Pofika 2002, patangopita zaka 16, makina owerengera anali atatsala owerengeka, ndipo panafunika akatswiri a ku mayunivesite a Leeds ndi Michigan kuti apulumutse ntchitoyo. Amenewo ndi a BBC, a ndalama zawo. National Archives yomweyo ya ku Kew ili ndi kaundula wa mitundu ya mafayilo wotchedwa PRONOM, ndi pulogalamu yaulere, DROID, imene imawerenga mphini zija n'kukuuzani mtundu wa fayilo. Mchira ukakukanikani ndi Notepad, pitani kumeneko.

Ife a History kuno tikudziwa kale kuwawa kwa mpata m'zolemba. Moto umene unatentha Secretariat ku Zomba mu 1919 unawononga mapepala ambiri a boma a kuyambira 1891, moti ofufuza za zaka zimenezo, kuphatikizapo za kuukira kwa Chilembwe mu 1915, amadalira kwambiri makope amene anatumizidwa ku London ndi zolemba za amishoni. Malo osungira zolemba za boma anatsegulidwa ku Zomba mu 1947, moto utadya kale. Tsopano taganizirani wofufuza wa zaka 50 zikubwerazi amene adzafune kudziwa mmene masukulu anayendera maphunziro aulere a pulayimale atayamba mu 1994, kapena mmene ma DEC anasandukira ma CDSS kumapeto kwa zaka zomwezo. Log book ya ahedi yolembedwa ndi bolopeni adzaipeza. Koma maminitsi a makomiti, mndandanda wa ana, makalata opita ku division, zambiri za kuyambira cha m'ma 2000 zinalembedwa pa kompyuta, zina sizinasindikizidwe, ndipo zili pa diski m'kabati kapena m'kompyuta yakufa imene ikutsekereza chitseko cha sitolo. Palibe moto umene unayaka, palibe amene analira, koma mpata wake ungathe kudzafanana.

Ana anga a History Club a zaka zija mukukumbukira pamene tinkayenda m'midzi ya kwa Maganga ndi kwa Pemba ndi kafoni ka Nokia, kujambula mawu a agogo. Ena anatifotokozera za njanji itangofika ku Salima mu 1935, iwo ali ana, akuthawa kulira kwa sitima. Ena anakamba za njala ya 2002, imene boma lino linaimva kwambiri, mmene anthu ankadyera zitsa za nthochi ndi gaga. Kafoni kaja kankasunga mawu mu .amr ndi kanema mu .3gp. Mmodzi wa inu anandilembera kuti ali ndi makope ake koma laputopu yake ikuwakana, ndipo ankafuna kuwafufuta poganiza kuti anawonongeka. Sanawonongeke. VLC imawatsegula, ndipo pa Media, Convert / Save, mutha kuwasandutsa .mp3. Agogo amene anayankhula za njanji aja onse anatisiya. Mawu awo ali m'timafayilo timeneto basi, ndiponso m'kope lachikuto cholimba mmene ana a chaka chino akuwalemba mawu ndi mawu, Lachitatu lililonse masana.

Pa zolemba zimene mukufuna zikhale, sungani kope mu PDF. Adobe inaitulutsa mu 1993, ndipo kuyambira 2008 ndi muyezo wa ISO umene malamulo ake ali poyera, kotero sudalira moyo wa kampani imodzi. Pali mtundu wake wosungira zakale, PDF/A, umene Word ndi LibreOffice zonse zimatha kupanga. Mamakisi ndi mindandanda sungani kope lina mu .csv, mawu wamba mu .txt. Zofunika kwambiri zisindikizeni, muike mu fayilo ya pepala pamwamba, kutali ndi khoma la chiswe.

Ufumu wotsatira kugwa tikuudziwa kale. Microsoft inalengeza kuti Okutobala 2026 ndiwo mathero a Publisher. Tonse tikudziwa zimene zili mu .pub m'masukulu mwathu: masatifiketi a maprefekiti, mapulogalamu a tsiku lopereka mphatso, makadi oitanira makolo, magazini a sukulu. LibreOffice Draw imatsegula .pub, koma zithunzi ndi mabokosi a mawu zimasuntha, moti njira yabwino ndi kutsegula fayilo iliyonse pa kompyuta imene ikadali ndi Publisher n'kuisunga ngati PDF. Mu labu yathu muli kompyuta imodzi yakale ya Office 2010 imene ndaipatula pa ntchito imeneyi, ndipo chowerengera floppy cha USB ndili nacho. Anzanga a m'masukulu a kuno, kuyambira ku Chipoka mpaka ku Thavite, amene muli ndi madiski, ma VCD kapena mafayilo okana kutseguka, bwerani nawo Loweruka m'mawa magetsi akakhalapo. Mubwere ndi fulashi yanu yopanda kanthu, ndipo tiyamba taipima kaye.